Pikiapu ikamadandaula m'mawa wa Juni

Chisanu chafika. Ife a fodya sitidana nacho kwenikweni, chifukwa mame a m'bandakucha ndi amene amafewetsa tsamba m'chigafa kuti lisankhike osafumbutuka. Koma amene ali ndi kagalimoto kokalamba, miyezi ya Juni ndi Julaye mtima sukhala pansi. Nthawi yomwe mabelo akufunika kupita ku Chinkhoma ndi yomwenso injini imayamba kulankhula zinenero.

Yathu ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, injini yake ija amati 3L. Tinasonkherana ndi alamu anga. Imanyamula mabelo, soya, mtedza, odwala, nthawi zina maliro. Ine sukulu ndinalekezera pulayimale ndipo si ine makaniko, koma khutu ndili nalo.

Phokoso lodziwika ndi aliyense ndi lija la kwiiii! ngati mwagwira kamwana ka nkhumba mwendo. Limabwera mukangoliza, pakapita kanthawi lasiya. Ameneyo ndi lamba, fanibeluti. Kukazizira mphira umauma, komanso batire imakhala yatopa ndi kuliza, ndiye otaneta imalemera pofuna kubwezera moto, lamba n'kumaterereka. Zimitsani, mudinikize lambayo ndi chala chachikulu pakati. Akalowa kwambiri kuposa sentimita imodzi, ngofunika kumanga. Akakhala wonyezimira kapena wang'aluka, gulani wina. Ena amapakapo sopo. Sopo amangotseka pakamwa, matenda ali pompo, ndipo lamba akaduka panjira madzi sazunguliranso, injini n'kupsa.

Mukapotokola kiyi n'kumva tcha-tcha-tcha basi, musafulumire kunyoza sitata. Yambani mwaona mitu ya batire. Ikachita ufa woyera, tsukani ndi madzi ofunda ndi soda yemweyu wa m'therere, mumange bwino. Koma kukamveka khrrrr ngati chigayo chameza mwala, pamenepo ndi mano a sitata akulephera kulumana ndi a flywheel. Kuumiriza ndi kugulula mano.

Tsono nkhani yanga ili apa. Sabata yapitayi Hilux inayamba khalidwe lachilendo. Kuliza kokha mpaka kanayi. Ikalira, thupi lonse njenjenje ngati munthu wa malungo, utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, ndipo mkati gogogo ngati wina akukhoma msomali. Pamwamba pa injini pamamvekanso tekete-tekete, nyali ya oilo n'kuchedwa kuzima. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi zonse zii, galimoto bwinobwino.

Vuto la matenda oterewa ndi loti amathawa dokotala. Alamu anapita nayo kugalaja ina ku boma. Pofika kumeneko injini yatentha kalekale, ikuyenda myaa. Mnyamata wa pamenepo anangomva zofotokoza, osatsegula ndi boneti yomwe, n'kuti, “Madala, imeneyi yatha. Ikufunika kuphwasula, mapisitoni ndi maring'i atsopano.” Mtengo umene anatchula ndi ndalama ya mabelo angapo, yomwe ine ndaiwerengera kale fetereza wa nazale ndi fizi ya mtsikana wanga wa Fomu 3. Usiku umenewo nsima sinatsike. Mayi a kunyumba anati, “Bambo, ingogulitsani chigalimotocho, mubwerere ku ngolo.” Ngolo mpaka ku Chinkhoma, inu?

Pali mkulu wina kuno amene anagwira zaka zambiri pa esiteti akukonza mathirakitala. Dzina sinditchula, sakonda za pa foni. Nditamufotokozera anati, “Achimwene, musayilize. Ndibwera tambala wachiwiri akalira, ndiimve ikadali yozizira.” Anabweradi, chikhoti mpaka m'makutu, m'manja sikuludiraiva yaitali basi.

Anayamba wandiphunzitsa chimene ambiri timangoyendetsa osachidziwa. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Mpweya umapanikizidwa mpaka kutentha, dizilo akalowa amayaka yekha. Chitsulo chikazizira chimaba kutentha kuja, dizilo amachedwa kuyaka, kenako n'kuphulika kamodzi. Gogogo uja ndi ameneyo, ndipo wapang'ono m'mawa ngwachibadwa. N'chifukwa chake muli mahita pulagi, limodzi pa silinda iliyonse. Kanyali kopindikapindika kaja kakayaka, dikirani kazime kaye ndiye mulize. Anyamata athuwa amangolumphira, kiyi gwiii, ngati akuthawa ngongole.

Titaliza, anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, n'kumasuntha pamwamba, pambali, pansi. Mukafuna kuyesa zimenezi samalani malaya ndi fani, imadula zala. Kenako tinazimitsa, n'kumasula mahita onse anayi. Analumikiza limodzilimodzi ku batire, atagwira ndi pulayazi. Awiri anafiira nsonga ngati khala. Awiri enawo phee. Ndiye kuti m'mawa masilinda awiri amakoka okha, anzawo akungolavula dizilo wosapsa mpaka atafunda. Kunjenjemera ndi utsi woyera kunali kumeneko.

Za tekete-tekete anati ndi oilo kuchedwa kukwera. Usiku oilo amatsikira pansi, kukazizira amalimba ngati uchi. Fyuluta yabwino ili ndi kavalavu koletsa oilo kubwerera, koma mafyuluta ena otchipa a pa msika kavalavuko n'kongonamizira. Anatiuza kuti tigule fyuluta yeniyeni ndi oilo wolembedwa 15W-40, osati wa m'mabotolo a Sobo wosadziwika kwawo. Anamasulanso kakoko ka pansi pa fyuluta ya dizilo, ndipo munatuluka madzi. Amenewo ndi malipiro a mafuta a m'zigubu amene tinkagula kwa mavenda pamene pa filing'i siteshoni panali mizere yogonera.

Ndinamufunsa kuti nanga phokoso loopsa ndi liti. Anati ndi lija lochokera pansi, lolemera, du-du-du, losasiya injini ikatentha, lokula mukaponda mafuta, makamaka nyali ya oilo ikamaphethira. Amenewo ndi mabering'i a crankshaft. Mukamva limenelo zimitsani pomwepo, ngakhale pakati pa dambo, mukokedwe ndi ng'ombe. Lathuli linali lotha injini ikafunda, ndipo pansi panalibe chogogoda.

Chinanso, musaseke: musanalize, menyani boneti ndi dzanja. Mphaka amakonda kugona pa injini usiku wozizira, ndipo makoswe amakokeramo zitsononkho. Kwa aneba athu, chaka chatha, phokoso limene anaitanira makaniko linali la chitsononkho chokhudza fani.

Alamu anakagula mahita anayi ku Kasungu, poti mkulu uja anati awiri amoyowo nawonso ndi okalamba. Tinathira oilo watsopano ndi fyuluta. Dzulo inalira kamodzi, utsi pang'ono chabe, nyali ya oilo inazima ndisanawerenge mpaka 3. Mkuluyo anakana ndalama, anangoti timunyamulire matumba ake a soya popita ku msika.

Patsala kaphokoso kamodzi, ka tsi-tsi-tsi cha kumbali ya ekizozi, nako kamachepa ikatentha. Akuganizira gasiketi, ndipo wandiuza kuti ndikajambule pa foni mawa m'mawa, ndiyang'anenso ngati pali mwaye wakuda pozungulira mabawuti. Mabelo asanu ndi limodzi tadinda kale. Lachinayi tinyamuka 4 koloko, ndipo malo a mabelo awiri alipo kwa amene angathandize dizilo.