Masamba a musasa pa chipewa

Chipewa cha mabowo sindichiluka kuti chiteteze munthu ku chisanu cha Juni. Imeneyo ndi ntchito ya chipewa chokhuthala cha ulusi wophatikiza. Cha mabowochi n'cha Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamawomba fumbi kuno ku Odzi, mitengo ya musasa ikamaphuka masamba ofiira m'mapiri a m'mbali mwa msewu wopita ku Mutare. Masamba amenewo ndi amene ndimaluka.

Agogo anga anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo anakalamba akusankha fodya m'shedi. Ndi iwo anandiphunzitsa kuyang'ana tsamba: msana wake, mitsempha yake, kumene lapendekera. Tsamba la fodya n'lalikulu kwambiri, pamutu silikwana. La musasa lili ndi timasamba tokhala tiwiritiwiri, tiwiri takumapeto n'tokulirapo, ndipo kuti munthu aliluke ayenera kulithyola, kuliika pamwendo, n'kumaliyang'ana.

Ndimayamba ndi masitichi 120 pa singano za 3 mm, n'kuluka mkombero wothina wogwira pamphumi. Ndikatero ndimasinthira ku singano zokulirapo pang'ono n'kugawa masitichiwo m'magulu 10, lililonse la masitichi 12. Gulu lililonse ndi tsamba limodzi. Sitichi yapakati ndiyo msana. Kumanja ndi kumanzere kwake ndimakulunga ulusi pa singano, ndipo pamenepo pamabadwa bowo ndi sitichi yatsopano. Koma bowo lililonse ndi ngongole: ukawonjezera sitichi apa, uyenera kubweza kwina poluka masitichi awiri pamodzi, apo ayi chipewa chimatambasuka. Luso lonse lagona pa malo amene wabwezera. Ukaluka awiri pamodzi chakutsogolo, mzere umapendekera kumanja. Ukawatembenuza kaye, umapendekera kumanzere. Mizere iwiriyo ndiyo imajambula m'mphepete mwa tsamba, mpaka pansonga pamene masitichi atatu amasanduka imodzi. Mzere umodzi wa mabowo, wotsatira wopanda kanthu, kuti ulusi upume.

Pamwamba pa mutu ndimasiya kukulunga ulusi koma kuchepetsa kumapitirira, masamba onse 10 n'kuwerama kukakumana pakati. Apa pamafunika singano zinayi zosongoka mbali zonse. Zanga ndi masipoko a njinga, onoledwa pamwala.

Ulusi ndi umene umativuta. Wambiri wa m'masitolo ndi wa akiliki, ndipo mabowo ake satseguka bwino pokhapokha uwuthire nthunzi ya simbi, osaugunda, chifukwa umasungunuka. Ine ndimakonda kupita kumsika wa Sakubva kukafufuza majuzi a ubweya weniweni m'mabelo a kaunjika. Juzi yabwino ndimaimasula, ulusiwo n'kuuchapa, n'kuupachika ndi kamwala kunsi kuti uwongoke. Chipewa cha ubweya chikatha ndimachinyowetsa n'kuchiveka pa mphika wovundikira kuti chiume, ndipo masamba amene anali okwinyika amatambasuka onse.

Pa mtundu sindigonja. Ogula ambiri amafuna wobiriwira poti amva kuti ndi masamba, ena amafuna ulusi wa mawangamawanga umene umameza mabowo onse, tsamba osaonekanso. Ndimawauza kuti asankhe mtundu umodzi, ndipo akandisiyira kusankha ndimatenga wofiirira ngati wa musasa wongophuka kumene, kapena wachikasu wa fodya wotuluka m'balani.