Kalata kwa mwana wanga amene akukaphunzira kulera ana

Mwana wanga wokondedwa,

Za kupemphera, kusamala ndalama ndi kusankha bwino anzako takuuza kale pamodzi ndi bambo ako, ndipo sindibwerezanso. Kalatayi ndi ya ntchito imene wasankha. Ine ndakhala mlezi pasukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwathu muno kuyambira iwe uli wamng'ono, ndipo pali nkhani imodzi imene ndikufuna upite nayo kukoleji. Ndi nkhani ya mwana uja amene anzake akamasewera, iye amangokhala pamphasa n'kumaonerera.

Aphunzitsi ako akakuuza kuti mwana amaphunzira posewera, ndipo n'zoona. Pamasanje ndi pamene mwana amaphunzira kuyankhula, kugawana ntchito, kukangana ndi kugwirizananso popanda wamkulu kulowererapo. Poumba ng'ombe zadothi zala zimalimba, ndipo ndi zala zomwezo zimene zidzagwire pensulo mu Sitandade 1. Pa fulaye mwana amaphunzira kuyeza liwiro la mpira ndi maso, kudikira nthawi yake, ndi kutuluka mosanyinyirika mpira ukamukhudza. Ubongo wa munthu umakula mofulumira m'zaka zoyambirira kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo chakudya chake china ndi masewerawa. Tsono ganiza bwino. Mwana wosaona wasowa maso okha. Koma tikamusiya pamphasa timamulandanso chiyankhulo, anzake, kulimba mtima ndi mphamvu za miyendo yake imene inalibe vuto lililonse. Zambiri zimene anthu amati zabwera ndi ulumali zimabwera ndi kukhala yekha.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'mwamba m'dziko muno, pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse ali ndi ulumali wamtundu wina. Ukadzafika pasukulu n'kupeza ana onse akuthamanga, akumva ndi kuona bwinobwino, usadzaganize kuti mudzi umenewo ulibe ana aulumali. Alipo, ali kunyumba. Ena makolo amawabisa chifukwa cha zonena za anthu, ena amaopa kuti mwana akasekedwa, ndipo ena n'chifukwa choti kubereka kumbuyo mwana wa zaka zisanu m'mawa uliwonse, kumunda kukudikira, si ntchito yamasewera. Mayi wotere usadzamudzudzule. Pita kwawo ndi wina wa m'komiti ya sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo, ukhale naye pansi, umufunse zimene mwanayo amakonda, zimene amaopa ndi mmene amasonyezera akafuna madzi. Iyeyo ndiye amamudziwa mwanayo kuposa buku lililonse limene ukawerenge.

Koma kulemba dzina la mwana m'kaundula ndi kumupatsa phala ndi chiyambi chabe. Apa ndi pamene ambiri timalekera, n'kumadzitama kuti timalandira ana onse. Funso loti uzidzifunsa tsiku lililonse ndi ili: kodi mwanayu akapanda kubwera mawa, masewera asokonekera? Anzake afunsa kuti ali kuti? Ngati palibe amene angazindikire kuti sanabwere, ndiye kuti sanalowe nawo m'masewerawo ngakhale thupi lake linali pomwepo.

Njira yake ndi yosintha masewerawo kuti amukwane. Malamulo a fulaye sanatsike kumwamba, anawapanga ndi ana, ndipo ana angathe kuwasintha. Ukakhala ndi mwana wosaona, tenga kachitini kakang'ono, uikemo zitsekerero za mabotolo, ukakulunge m'kati mwa mpira wachikulunga kuti uzilira ukamagubuduzika. Ana akhale mozungulira, akhale chete, azigubuduzirana mpirawo akutchulana mayina. Tsiku lina uwamange onse kansalu kumaso. Udzaona amene anali wotsalira uja akusanduka katswiri, chifukwa makutu ake anazolowera kale ntchitoyo. Ngakhale pa mipikisano yapadziko lonse ya anthu aulumali pali masewera otchedwa goalball, a mpira wokhala ndi mabelu m'kati, ndipo osewera onse amaphimbidwa m'maso.

Mwana wosamva amasokonezeka chifukwa masewera athu ambiri amayamba ndi kukuwa kapena nyimbo. Ima pamene angaone nkhope yako, kuwala kukugwera iweyo, ndipo poyambitsa mpikisano ukweze nsalu m'malo mofuula. Poimba, muike pafupi ndi ng'oma, dzanja lake lili pachikopa, kapena umupatse ng'omayo aimbe yekha. Mwana amene satha kuyenda, tsitsa masewera afike pansi pamene iye ali. Pamasanje angathe kukhala wogulitsa mugolosale imene aliyense ayenera kufikako, kapena dalaivala wa minibasi imene singanyamuke iye asanalize hutala. Koma chenjera ndi chinthu chimodzi chimene chimaoneka ngati chifundo. Kumuuza mwana tsiku ndi tsiku kuti iwe khala apa uziwerengera anzako zigoli ndiko kumuthamangitsa mwaulemu. Ana amadziwa kusiyanitsa udindo weniweni ndi wongomupatsa kuti asalire.

Za mwana wachialubino ndikufuna uzimve bwino. Dzuwa limawononga khungu lake mpaka kuyambitsa khansa, choncho chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza kudzuwa si zodzikongoletsera ayi. Usamuike yekha pamthunzi anzake ali pabwalo. Samutsa masewera onse apite pansi pa mtengo, kapena muzisewera panja m'mawa dzuwa lisanakwere. Maso akenso saona patali, ndiye mpira ukhale waukulu ndi wowala mtundu. Poweruka asapite yekha, umupereke m'manja mwa munthu amene makolo ake anakuuza, pakuti zoopsa zimene anthu achialubino akumana nazo m'dziko muno ukuzidziwa. Uwauzenso anawo kuti mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'Malawi.

Khunyu ndi lina limene limapangitsa ana kusalidwa pachabe. Silipatsirana, kaya pokhudzana, kaya podyera mbale imodzi. Mwana akagwa, chotsa zimene zingamupweteke, ika nsalu kunsi kwa mutu wake, usamuike chilichonse m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha umugoneke cham'mbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangira naye kuchipatala. Uzimuyang'anira pafupi ndi moto wophikira phala ndi pamadzi. Kupatula apo, asewere chipako ngati wina aliyense.

Ana enawo amaonera iwe. Ukamamuyankhula mwana waulumali ndi mawu omvetsa chisoni, nawonso ayamba kumumvera chisoni, ndipo mwana amene amamveredwa chisoni sapeza mnzake weniweni. Muitane ndi dzina lake, ndipo usalole kuti aliyense, ngakhale kholo, amuitane ndi dzina la ulumali wake. Wina akafunsa kuti n'chifukwa chiyani uyu sayenda, usamukalipire. Muyankhe mwachidule kuti miyendo yake ilibe mphamvu koma manja ake amaponya bwino, kenaka masewera apitirire. Mlole mwanayo agonje akagonja. Mlole adetse malaya, akangane ndi mnzake polimbirana galimoto yamawaya, ndipo akalakwa umudzudzule monga udzudzulira ena. Usamuchitire chimene angathe kuchita yekha ngakhale atenge nthawi yaitali. Kudikira kumeneko n'kovuta, manja amayabwa kufuna kuthandiza, koma pirira. Usasankhenso kamtsikana kamodzi kofatsa kuti kakhale komusamalira chaka chonse, pakuti nakonso n'kamwana ndipo kakufuna kusewera.

Udzakumana ndi akuluakulu amene adzanene kuti ana otere ali ndi sukulu zawo, kapena kuti tilibe zipangizo. Uwayankhe mwaulemu koma usabwerere m'mbuyo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi inalivomereza mu 1991, limanena m'ndime 31 kuti kusewera ndi ufulu wa mwana. Pangano la ufulu wa anthu aulumali, limene tinalivomereza mu 2009, limati ana aulumali apatsidwe mwayi wofanana ndi anzawo pamasewera. Za zipangizozo, nsungwi ziwiri zomangidwa pamitengo zimakhala zogwirira za mwana wophunzira kuyenda, ndipo makatoni omatidwa bwino amapanga mpando wochirikiza mwana amene satha kukhala tsonga. Dothi, mchenga, zisononkho ndi njere za bwemba sizigulidwa.

Dziwanso malire ako. Iwe si dokotala. Ukaona mwana wotuluka mafinya m'khutu, wopindika mapazi, kapena amene wasintha atadwala malungo aakulu, limbikitsa makolo apite naye kuchipatala msanga, chifukwa zambiri zimakonzeka mwana akali wamng'ono. Ndipo ukapeza mpata, kafike ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene amaphunzitsa aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira. Kaone mmene amachitira, ufunse mafunso osachita manyazi.

Ndili ndi pempho langa. Phunzira chiyankhulo chamanja mwakhama, kwa anthu osamva eni akewo ngati n'kotheka. Pano tili ndi mwana wosamva amene timangoyankhulana naye ndi zizindikiro zopeka tokha, ndipo ndikuona kuti ali ndi zambiri zofuna kunena. Ukabwera patchuthi udzatiphunzitse ife alezi pamodzi ndi ana onse, tiyambire mayina awo, mitundu ya zinthu ndi mawu a pamasewera. Komiti ndaiuza kale ndipo yavomera.

Uyende bwino, mwana wanga. Ukafika utiimbire foni.

Ndine mayi ako.