Manda Amene Nyuzipepala Zinachedwa Kufikako

Ife aphunzitsi a m'madrasa timakonda kutchula Indonesia monyadira, poti kuli Asilamu miyandamiyanda. Koma m'mbiri ya dzikolo muli tsamba limene timalitembenuza mofulumira.

Suharto, mkulu wa asilikali amene analamulira zaka zoposa 30, atatula pansi udindo pa 21 May 1998, atolankhani anamasuka pakamwa. Magazini ya Tempo, imene boma linaitseka mu 1994, inayambanso kutuluka chaka chomwecho. Nkhani ya ku Tanjung Priok, doko la mzinda wa Jakarta, inafukulidwa: kumeneko, mu September 1984, asilikali anawombera Asilamu amene ankaguba kufuna kuti anzawo anayi omangidwa amasulidwe. Mabanja ofedwa analankhula poyera, mlandu unafika kukhoti mu 2003, ngakhale kuti opezeka olakwa anadzamasulidwa pa apilo. Nkhaniyi timaifotokoza mosavuta, chifukwa ophedwawo ndi athu ndipo owombera anavala yunifolomu.

Ya 1965 ndi 1966 ndiyo inalemera lilime. M'miyezi imeneyo anthu pafupifupi 500,000 anaphedwa powaganizira kuti ndi achikomyunizimu. Asilikali ndiwo ankatsogolera, koma ena mwa ogwira zikwanje anali anyamata a Ansor, nthambi ya achinyamata ya bungwe lalikulu la Chisilamu la Nahdlatul Ulama. Apa nyuzipepala zambiri zinaponda mosamala. Mawu akuti "mkomyunisiti" anali okwanirabe kuchotsera womwalirayo dzina, mudzi ndi ana.

Mu 2000 Pulezidenti Abdurrahman Wahid, shehe amene anatsogolerapo bungwelo, anapepesa poyera. Ambiri mwa amene anamudzudzula anali Asilamu anzake. Zinatenga mpaka 2012 kuti Tempo itulutse kope lapadera m'mene akuphawo anasimba okha zimene anachita.

Sitikuweruza atolankhani a kumeneko tili pamthunzi wa mtengo wa mango kuno kunyanja. Asilikali anali akadali ndi mphamvu, ndipo mantha satha tsiku la chisankho. Chotisautsa n'chakuti mtima wathu umasankha maliro monga mmene zinasankhira nyuzipepalazo, chonsecho Surah An-Nisa timaiwerengetsa ana chaka ndi chaka, ndime ya umboni wosakondera ili momwemo.

Pophunzitsa za kusambitsa mtembo ndi kuuveka sanda, timakumbukira mtsinje wa Brantas ku Java. Ambiri mwa amene anatayidwa m'menemo anali Asilamu, ndipo palibe anawaswalira janaza.