Kiyibodi yanga ndi mpamba wa usipa

Anzanga a pagulu pano, ambiri mumandidziwa ngati mayi wa usipa wa mumsika wa Mangochi. Simudziwa kuti madzulo ndikalongedza katundu, ndikasamba m'manja kawirikawiri kuti fungo la nsomba lichoke, ndimakhala pa kiyibodi. Sindine woyimba ayi. Ndimangothandizira kwaya ya kwathu tsidya la mlatho wa Bakili Muluzi, nthawi zina ndimangodziyimbira ndekha ana atagona.

Yoyamba ndinaipeza pa kaunjika mu 2017, itasakanikirana ndi zidole za ana. Inali Casio ya makiyi 32, timakiyi tating'ono toti chala changa chimodzi chimadina tiwiri. Ndinaphunzirapo nyimbo zingapo ndi dzanja lamanja lokha. Tsiku lomwe mnyamata wa kwaya anandionetsa kuti dzanja lamanzere nalo lili ndi ntchito yake, ndinapeza kuti dzanjalo lilibe poti likhale. Makiyi atha.

Ngati mukufuna kugula, yambirani pamenepa. Musatsike pa makiyi 61. Chachiwiri ndi chimene ogulitsa sakuuzani: dinani kiyi imodzi pang'onopang'ono, kenako idineni mwamphamvu. Ngati mawu akutuluka chimodzimodzi, kiyibodiyo siimva chala. Yamaha PSR-F51 ndi yotero, n'chifukwa chake imatsika mtengo. PSR-E363, kapena mng'ono wake E373 yomwe inatuluka mu 2020, imamva. Kusiyana kwake mudzakuzindikira pa maliro, nyimbo ikafuna kuti mutsike nayo pansi, chida chanu chikungokuwa ngati wogulitsa matemba.

Ine ndinagula E363 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi ndalama za banki m'khonde. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Wogulitsayo anayatsa biti, nayimba mothamanga manja ali waliwali, ine n'kutengeka. Kufika kunyumba, kiyi imodzi yakuda inali zii. Pansi pa makiyiwa pamakhala timphira, fumbi likalowapo kiyi imasiya kulira, kapena imangolira mokweza nthawi zonse. Wokonza mawailesi anapukuta ndi sipiriti, inadzuka, koma tulo ndinali nditasowa kale masiku awiri. Ndiye inu dinani makiyi onse 61, imodziimodzi, akuda omwe, wogulitsa atope. Ifetu pogula usipa ku Makawa timapisa dzanja mpaka pansi pa ndowa. Tsegulaninso polowa mabatire muone ngati mulibe dzimbiri.

Za mabatirezi musazipeputse. Namondwe wa Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima tsiku lonse, kwaya zina zokhala ndi zida zikuluzikulu zinkayimba ndi m'manja. Yanga imalira ndi mabatire 6 wamba. Adaputa yake ndi ya mavoti 12, ndipo musabwereke ya mnzanu chifukwa choti mutu wake walowa. Kuno kunyanja kulinso chinyezi ndi mphemvu. Yanga imagona m'chitenje, pamwamba pa kabati.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Chakumapeto kwa 2023 achimwene anga omwe ali ku Joni ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. PSR-S670, yakale koma yosamalika, mwini wake akuigulitsa. Amene munamvapo ma PSR-S mukudziwa. Magitala ake ndi malipenga ake amamveka ngati anthu enieni, mwina mpaka kudzinamiza kuti ndinu a Alleluya Band a ku Balaka. “Achemwali, tumizani ndalama, ndiikweza basi ya Loweruka.” Ndinawerengetsa. Ndikagulitsa yangayi, n'kuphatikiza za banki m'khonde, zimakwana ndendende.

Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa ku Joni sunasinthe, koma kuno unakwera usiku umodzi. Kuti ndikwanitse, ndimayenera kutapa pa mpamba. Mwezi wake womwewo ndi womwe nyanja amaitseka, nsomba zimavuta, Januwale ali pafupi ndi fizi ya ana awiri. Amene mumachita geni mukudziwa kuti mpamba ukautapa kamodzi subwerera wonse. Komabe sindikunamizeni, ndinafika mpaka pa ejenti, ndalama zili m'kansalu.

Chinandibweza si nzeru ayi, ndi manyazi. Sabata imeneyo tinali ndi ukwati. Mtsikana wotsogolera nyimbo anayamba pamwamba kuposa m'mene tinkayeserera, ine n'kuyamba kufufuza batani la transpose anthu akumva. Zaka zonsezi ndinkayimba nyimbo iliyonse mu C, pa makiyi oyera okha, batani lija n'kumandikwezera kapena kunditsitsira. Kamwana kena ka fomu 2 kanabwera titamaliza, mwaulemu wake wonse: “Anti, makiyi akudawa ndi owonongeka?” Kiyi yakuda ija ndinaisowera tulo, ndinali ndisanaidinepo chikonzereni.

Nditaima pa ejenti paja mawu a mwanayo anandibwerera. S670 nayo ili ndi makiyi 61, akuda 25, ndipo onsewo akanangokhala chimodzimodzi. Ndinabwerera. Pa ndalama za banki m'khonde ndinagula chopondera cha sustain, choikapo kiyibodi chachitsulo chomwe anandiwotcherera pa msika pomwepa, ndi chingwe cholumikizira ku sipika ya tchalitchi. Mawu anasintha mpaka amayi ena anafunsa ngati ndagula yatsopano. Zotsalazo zinapita ku usipa.

Achimwene sanamvetse mpaka lero. Akuti ndine woumira, ndipo mwina akunena zoona pang'ono, chifukwa chithunzi chija sindinachifufute m'foni. Mwana wa fomu 2 uja ndi amene amandiphunzitsa tsopano, Lachitatu lililonse, malipiro ake ndi mbale ya usipa ya kwa amayi ake. F ndi G ndazigwira. E flat ikundizunza, chala cha mkombaphala chimaterereka, ndipo nyimbo ya Lamulungu likubwerali ili momwemo.