Kuno ku Banská Štiavnica mvula anaitchera m'phiri

Abale anga a ku Zomba, ambiri mumandifunsa kuti kuno ku Slovakia ndimakhala malo otani. Ndili ku Banská Štiavnica, katauni ka m'mapiri chapakati pa dzikoli. Anthu ake sakwana 10,000, pomwe Zomba pa kalembera wa 2018 inapitirira 100,000. Misewu yake ndi yamiyala, zitunda zokhazokha, chifukwa tauniyi ili m'chigwa cha phiri lomwe linaphulika kalekale n'kuzima. Phirilo ndi limene linasiya siliva ndi golide pansi.

M'zaka za m'ma 1700 iyi inali tauni yachitatu kukula mu ufumu wonse wa Hungary. Mu 1762 mfumukazi Maria Theresa analamula kuti kuno kukhale sukulu ya zamigodi, koma mu 1919, dziko la Czechoslovakia litangobadwa, sukuluyo inasamukira ku Sopron. Kenako migodi inatsekedwa, anthu n'kubalalika. Ife a ku Zomba ululu umenewu timaudziwa, poti likulu linatichokera mu 1975.

Koma chomwe chimandigwira mtima ndi nkhani ya madzi. Migodi ikamazama inkadzaza madzi, ndipo kuno kulibe mtsinje waukulu woti n'kuyendetsa makina opopa. Ndiye anatchera mvula ndi chipale chosungunuka. Anakumba ngalande zopingasa m'mbali mwa mapiri, zotsika pang'ono kwambiri, kuti madzi asathamange koma aziyenda mwakachetechete mpaka m'madamu omwe amawatcha tajchy. Anamanga pafupifupi 60, ndipo mayina a Matej Kornel Hell ndi Samuel Mikovíni satha pakamwa anthu akamakamba za ntchitoyi. Madzi a m'damu ankatsika n'kuzunguza mawilo, mawilowo n'kupopa madzi a mumgodi. Madamu oposa 20 alipobe, ndipo nyengo yotentha anthu amasambira ku Počúvadlo ndi ku Klinger. Mu 1993 UNESCO inaika tauniyi pamodzi ndi madamuwa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Kwathu mvula ndi yamphamvu kuposa ya kuno. Damu la Mulunguzi tili nalo, inde, koma mapiri ambiri tinawameta, ndiye madzi amatsika ndi dothi ndi miyala yomwe. Zimene namondwe Freddy anachita m'Malichi 2023 ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche, zimandisowetsabe mtendere.

Wootcha makala sindikumunena, ana ake ayenera kudya. Akunonso nkhalango anaiwononga, chifukwa migodi ndi ng'anjo zosungunulira miyala zinkadya mitengo kwambiri, mpaka mu 1807 anakhazikitsa maphunziro a za nkhalango pasukulu yomwe ija. Nzerunso sitikusowa: akalozera ndi udzu wa vetiva omwe alangizi amatiphunzitsa ntchito yake ndi yomweyi, kuchepetsa liwiro la madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno phiri lonse analiyeza ngati munda umodzi, ngalande ina kulandira ku inzake, pansi pa ulamuliro umodzi wa migodi. Kwathu mlimi amaika akalozera m'munda mwake yekha, wakumtunda osaika, mvula imodzi yokha n'kumukokololera zonse.

Inu muli ku Chinamwali ndi ku Matawale, nkhaniyi kaiperekeni kwa amfumu ndi akhansala mvula isanayambe, kuti phiri mulikambirane kuyambira pamwamba, osati munda ndi munda.