CIMFINE CA KU SUKULU NDI MWANA WA PA MSANA

Ife aphunzitsi timakondwera pamene buku la maina lidzala, ndipo zaka zambiri mwana wotsala kwao cifukwa ca cimfine tinali kumuyesa waulesi. Tsono tifuna kukusimbirani, abale owerenga, cimene cinatiturutsa m'maganizo otere.

Dzinja lapitalo, mvula iri pakati, theka la ana a m'kalasi mwathu anali kutsokomola ndi kumina, koma sitinalola ngakhale mmodzi kutsala. Patapita sabata, mtsikana wina anatipempha kuti aweruke msanga, ati mlongo wace wa miyezi iwiri wakana bere. Mtsikanayo ndiye timamuona masiku onse, akaweruka, ali ndi khandalo pa msana. Madzulo tinapita kukazonda. Amace anati, "Ndi cimfine cabe, Aphunzitsi, watengera kwa mlongo waceyu." Koma titabvundukula nsaru tinaona pansi pa nthiti palikulowa m'kati popuma, timphuno tirikutukuka, ndi m'cifuwa mulikulira ngati kamluzu. Tinaturutsa wochi ndi kuwerenga, ndipo anapuma koposa 60 pa mphindi imodzi. Usiku womwewo atate wace anabwereka njinga.

Ku cipatala dotolo anati nthenda yotere pa khanda, nyengo ya mvula, kawirikawiri imadza ndi kacirombo kochedwa respiratory syncytial virus, kapena mwacidule RSV. Kanapezedwa ku America mu 1956 mwa anyani akuru a chimpanzi ogwidwa ndi cimfine, ndipo mu 1957 Robert Chanock anakapeza mwa ana odwala ku Baltimore. Pafupifupi mwana ali yense amakalandira asanakwanitse zaka 2. Kamayenda m'malobvu potsokomola ndi poyetsemula, ndi pa manja osasamba. Kwa mwana wa sukulu ndi mamina a masiku owerengeka. Koma m'mapapo a khanda tinjira ta mpweya ntating'onong'ono, ndipo tikatupa ndi kudzala mamina, mwana abvutikira mpweya uli wonse, natopa, naleka kuyamwa. Nkhalamba nazonso kamazigwetsa. Ofufuza anawerenga kuti mu 2019 kanapha ana osafika zaka 5 monga 100,000 pa dziko lonse, pafupifupi onse a m'maiko osauka onga lathu, ndipo ocuruka anafa osafika ku cipatala. Pakumva izi tinakumbukira buku lathu lodzala lija, ndipo tinacita manyazi.

Mankhwala opha tizirombo ta cibayo cina, monga amoxicillin, sakagwira kameneka, ndipo kugula mibulu ku msika ndiko kutaya ndalama ndi masiku omwe. Cipatala cimangocirikiza mwana kufikira thupi lace ligonjetsa lokha: amcotsa mamina, ampatsa mpweya wa oksijeni, ndipo akalephera kuyamwa amwetsa mkaka wa amace pa kapaipi. Kwa obvutika koposa kuli makina okankhira mpweya m'mphuno pang'onopang'ono. Ena a iwo anayesedwa poyamba ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, nawacha dzina lathu lomwe, Pumani. Khanda lija linakhala masiku asanu pa oksijeni, libwera lamoyo.

Katemera anacedwa, ndipo panali cifukwa: woyamba, woyesedwa ku America zaka za m'ma 1960, anakulitsa nthenda, nafa ana awiri. Mu 2023 ndipo anabvomerezedwa katemera wa mai wapakati, amene apatsira mwana mphamvu zace asanabadwe. Palinso jekeseni ya khanda yochedwa nirsevimab. Mu 2025 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linalangiza maiko onse kutenga imodzi mwa njira ziwirizi. Dziko liri lonse liyamba pa nthawi yace, cotero amai afunse ku sikelo.

Makolo athu anali kusunga mai ndi khanda m'cikuta, osalola yense kulowamo. Ife oturuka ku sukulu ya uphunzitsi tinaseka mwambowo. Lero tiuyang'ana ndi maso ena, ngakhale utsi wa moto wa m'nyumbamo sitiuyamika, pakuti upweteka mapapo. Wacimfine asanyamule khanda kapena kulipsompsona, ngakhale akhale agogo ace. Wolinyamula ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Ndipo liyamwe bere lokha miyezi 6. Mwana akakhala cete, muwerenge kupuma kwace pa mphindi yathunthu: 60 kwa wosafika miyezi 2, 50 kwa wosafika caka, 40 kwa wosafika zaka 5. Akafika pamenepo, kapena nthiti zikalowa, kapena akana bere, musalindire kuti kuce.

Pa khomo la sukulu yathu tsopano pali ndowa ndi sopo, ndipo wotsokomola timambweza ndi mau akuti asabereke mwana. Nthawi ya masamu ana akuru awerengana kupuma pa wochi yathu. Mtsikana uja ndiye satayapo ngakhale kumodzi.