Mapazi Osafika Pansi

Nyumba ya Guggenheim mumzinda wa New York inatsegulidwa m'chaka cha 1959. Ili moyang'anana ndi munda waukulu wa Central Park, ndipo ndi yozungulira ngati chigoba cha nkhono. M'menemo, m'chaka cha 2012, tinakaonamo zithunzi za mayi wina wa ku Netherlands, Rineke Dijkstra, katswiri wojambula ana ndi achinyamata.

Tinayambira pa ana a m'mphepete mwa nyanja zamchere, ena a ku Poland, ena a ku Ukraine, ena a ku America komweko. Ambiri aima okhaokha pamchenga, kumbuyo madzi, manja akusowa powaika. Ife amene tinazolowera wojambula wa pamsika wolamula kuti “sekani!” asanadine, tinayamba tadabwa. Komatu manyazi ake ndi omwe aja a mwana wa ku Makanjira mlendo akamufunsa dzina.

Pamene tinachedwa ndi pa zithunzi 11 za mtsikana mmodzi, zotchedwa Almerisa. Banja lake linathawa nkhondo ya ku Bosnia, ndipo mayi Dijkstra anamupeza mu 1994 pamalo osungira othawa kwawo mumzinda wa Leiden ku Netherlands. Chimenecho ndi chaka chomwe abale athu a ku Mozambique anali mkati mobwerera kwawo kuchokera m'misasa ya kuno, ndiye nkhope yotere si yachilendo kwa inu awerengi.

Pachithunzi choyamba kamwanako akaveka zovala zapaulendo, kakhala pampando wapulasitiki, mapazi ali lendelende osafika pansi. Wojambulayo ankabwereranso patapita chaka kapena ziwiri, mpaka 2008, ndipo nthawi zonse ankamukhazika pampando pafupi ndi khoma. Mipando ikusintha, zipinda zikusintha. Mapazi aja akutsika pang'onopang'ono mpaka kuponda pansi, koma pansi pake ndi pa dziko la eni. Tsitsi lasintha mtundu, zovala zasanduka za atsikana a ku Netherlands, ngakhale kakhalidwe pampando ndi ka munthu amene sakupemphanso malo.

Ife tinagawanika. Ena anaona mwana amene wapulumuka nakhazikika. Ena, makamaka amene ali ndi adzukulu ku Johannesburg osadziwa kulonjera m'Chiyao, anakhala chete. Zithunzizo sizinena chilankhulo chimene mtsikanayo amalota nacho, ndipo m'maganizo athu wojambulayo anachita bwino kusatiyankhira. Pachithunzi chomaliza wakhala pampando atanyamula khanda lake, timapazi take tili lendelende.